Kuwerenga Makasu

Mvula ikakhazikika, mitsinje iwiri imatitsekera pakati,
ndipo a ku Lizulu amatitcha a pachilumba.
Sitikana. Mlatho wathu ndi mitengo itatu ya bulugamu,
madzi akaikokolola timatsala tokhatokha.

Ine ndine wosunga kope la aganyu
pamunda wa kachewere wa a Nzunga.
M'mawa ndimawerenga makasu,
madzulo ndiwerengenso, ndichonge.

Chaka chimene ndinalandira kope ili
mayina anadzaza masamba awiri, ena ndinawapanikiza m'mbali:
makumi anayi ndi asanu ndi awiri.
Mzere wa okumba unkayambira pachulu
n'kukathera kumene mluzu sufika.
Nthabwala ikanyamuka kuno
inkafika uko itasintha kale mwini wake.

Kenako Dafuleni anagulitsa njinga.
Sanatsanzike. Tinangomva kuti wadutsa pachipata cha Dedza,
chikwama kumsana, pasipoti m'sokosi.
Mwezi usanathe, mphwake.
Ana atatu a Nangozo anachoka tsiku limodzi
ngati mano a chipeso chakale.
Ine sindifufuta dzina la munthu wamoyo,
ndimangojambula kamzere patsogolo pake,
mpaka tsamba linayamba kuoneka ngati makwerero.

Makumi atatu ndi mmodzi.
Makumi awiri ndi anayi.

Chaka chimene kutsidya kunavuta, chiwerengero chinadumpha.
Anabwera a ku Angonia, makasu paphewa,
olankhula ngati ife, ndalama zokha n'kumawerenga m'Chipwitikizi.
A Nzunga anati, lemba onse.
Ndinalemba mpaka bolopeni inauma.
Kwawo zitayenda bwino anabwerera,
anatisiyira kamangidwe kena ka matumba
ndi mwana mmodzi, amene sanafike pogwira khasu.

Malata akubwera, zimenezo sindikana.
Nyumba zatsopano zisanu zikunyezimira kumtunda,
zinayi zili ndi loko pachitseko,
udzu wamera mpaka pakhonde.

Dzulo kunabwera mnyamata wa kuboma, foni yaikulu m'manja,
nsapato atazikoleka m'khosi powoloka.
Akuti, ogwira ntchito muno ndi angati?
Ndinamufunsa kuti Esinta ndimuwerenge kangati,
poti amakumba mzere wake ndi wa mwamuna wake
amene foni yake inasiya kulira chipitire Isitala.
Nanga a Zefaniya, amene mawondo anawapumitsa kale,
koma abwerera kumunda poti thumba silidzinyamula lokha?
Nanga Likisina wa folomu thu, wobwera Loweruka lokha,
inki ikadali kuchala?
Ndimulembe wathunthu, kapena ndi mbewu ya mawa
imene tayamba kukazinga lero?

Mnyamata anati makina ake alibe malo a zonsezo,
akungofuna nambala.
Ndinati khumi ndi asanu ndi anayi.
Anadina, nathamangira kuwoloka madzi asanakwere.

Lero m'mawa, nkhungu isanachoke, ndawerenga makasu.
Makumi awiri.
Ndayesa maso andinamiza, ndabwereza.
Kumapeto kwa mzere kuli msana umene ndikuudziwa,
wowonda, uli m'jekete la kampani ya alonda.
Basi ya dipoti inamutsitsa usiku, akutero anthu,
ndipo khasu wabwereka kwa Esinta.
Palibe wamufunsa za ku Joni.
Naye sanafunse kuti ena ali kuti.

Ndatsegula tsamba lakale, kamzere kake kali pomwepo,
bolopeni safufutika.
Ndiye ndamulemba mwatsopano, pansi penipeni,
m'munsi mwa mwana wasukulu: Dafuleni.

Nambala imene yapita kuboma yalakwika kale.
Madzi akwera usiku, mtengo umodzi wa pamlatho wapita,
palibe angathamangire mnyamata uja kukakonzetsa.
Ndatseka kope, ndaliika m'jumbo kuopa mame,
ndatola langa khasu,
limene zaka zonsezi ndimaiwala kuwerenga.